Lighton Sanapiteko ku Solwezi

Mukamayenda ku Kafue Estates n'kuona geti ya chitsulo yosagwedera, yotseguka popanda kulira, dziwani kuti mwina anawotcherera ndi Lighton. Ndi mlongo wanga ameneyo, wondiponda pamutu. Ine ndine Mainess, ndimagulitsa nsomba pamsika wa m'tauni muno. Ndinamubereka kumsana kwangaku ali khanda, ndiye ndikamanena za iye musandiuze zoti ndichepetse mawu.

Atate athu anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo anamwalira Lighton asanamere ndevu. Iye sukulu sinamukonde, koma zitsulo zinkamumvera. Anaphunzira kuwotcherera pa fakitale ina ya kuno, ndipo ntchito itatha anatsegula kamalo kake pansi pa mtengo wa mango ku Zambia Compound. Mbaula, mageti, mawindo, mawilibala, chilichonse. Anthu ankachita kudikirana. Anakwatira Febby, Mtonga wa ku Mazabuka, mkazi wosalankhulalankhula amene ntchito yake ndi kuluka tsitsi. Anabereka mwana mmodzi wamkazi, Lushomo.

Mowa anauyamba ngati mmene amayambira amuna onse, Lachisanu akaweruka. Kenako kunabwera timapepala tija ta mowa wokalipa, tujilijili, ndipo tinkakhala m'thumba mwake kuyambira m'mawa. Ankati utsi wa chitsulo umatsalira pachifuwa, ndipo chimene chimautsuka ndi chakumwa chokalipa. Titaletsedwa timapepala kunabwera timabotolo. Pa timabotolo anawonjezerapo mankhwala a chifuwa aja amene anyamata amamwa kuti aziyenda ngati ali m'tulo. Mageti anayamba kutuluka opendekera. Anagulitsa makina ake owotcherera n'kutiuza kuti aba. Anagulitsa mapoto a Febby n'kunena kuti wabwereketsa kumaliro.

Tsiku lina anakamutenga Lushomo kusukulu, n'kudutsa naye pa bala ya Ba Maybin, mnzake wa pabotolo. Anamukhazika mwana pa kireti panja, iye n'kulowa, n'kutulukira khomo lina. Mwanayo anabwera naye kunyumba ndi mayi wina wogulitsa tomato, dzuwa litapendeka, atalira mpaka mawu kutha.

Febby sanakalipe. Analongedza katundu wake ine ndikuona, ndipo ali pakhomo anati, "Mulamu, mwamuna wanga sinikumukana. Akakapeza thandizo n'kusiya, mudzaniitane, nidzabwera na mwana. Koma natopa."

Kuyambira pamenepo, chimene Lighton ankafuna pa dziko lino chinali chimodzi: kuti Febby ndi Lushomo abwerere. Ankachinena ataledzera, ankachinena asanamwe. Ndipo ankamwabe.

Mvula ya chaka chathachi ndinamupeza m'ngalande pafupi ndi sitesheni ya sitima, madzi akumudutsa m'khosi. Anthu anali ataima n'kumajambula ndi mafoni awo, agalu achabechabe. Nditamudzutsa anandigwira chitenje n'kunena kuti, "Ba sisi, nitengeni kulikonse. Nikakhala muno nizafa."

Amalume athu, a Bwezani, amene anayendetsa malole zaka zambiri, ankadziwa malo ena kupitirira Chilanga, pafamu, kumene amasunga amuna okhaokha ofuna kusiya mowa ndi mankhwala. Tinamupereka kumeneko ine, amalume ndi amai.

Masabata oyamba sanatilole kumuona. Titapita, tinamva kuti ankasanza, kunjenjemera, n'kumaona tizilombo tikuyenda pakhoma. Koma ulendo wotsatira tinamupeza akuthirira kabichi, masaya atabwerera. Manja ake anali atasiya kugwedera. Anandionetsa khola la nkhuku limene anakonza chitseko chake. M'mawa uliwonse amunawo ankakhala mozungulira, aliyense n'kumanena zimene anachita popanda kukongoletsa. Lighton anandiuza kuti nkhani ya mwana pa kireti anainena pamaso pa onse, ndipo atamaliza anagona tulo kwa nthawi yoyamba.

Mlangizi wake anali Ba Titus, bambo woonda wopanda mano awiri akutsogolo, amene anati anawasiya pa bala ina ku Kabwe nthawi imene nayenso ankamwa. Anatikhazika pa benchi n'kutiuza mosapsatira.

"Amai, mwana wanu akabwerera musamubise. Anthu adziwe kumene anali, kuti omukonda asamupatse botolo. Ndipo ku Kafue kwanu kuli kagulu ka amuna onga ife, timakumana Loweruka mu holo ya tchalitchi pafupi na Boma. Asamaphonye. Pano tamutsuka chabe, kuchira kwenikweni ni kwanu uko."

Amai ankangoti "Inde, inde," mmene amachitira pa ulaliki. Sananene kuti anali atawononga kale.

Amai athu ndi a chigwirizano cha amayi kutchalitchi, ovala bulauzi yoyera ndi duku. Tsiku lotsatira titamupereka Lighton, mnzawo wina anawafunsa kumene mwana wapita, ndipo iwo anayankha kuti wapeza ntchito ku migodi ku Solwezi. Sabata isanathe nkhani inali itafika mpaka ku komboni ya Shikoswe. Abusa anaitchula pa mapemphero othokoza. Ine ndinaimva pamsika, kwa munthu wogula nsomba amene anandigwira chanza.

Ndinapita kunyumba nditapsa mtima. Amai anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ukufuna anthu aziti m'banja la atate ako muli misala? Kuno munthu akapita kumalo ngati aja amati wapenga. Ana ako aakazi adzakwatiwa ndi ndani?"

Ndinawakalipira, koma chinthu china ndinachiona. Zaka zonsezi amai ankangomva zoti mwana wanu wagona pamsewu, mwana wanu waba mpando. Aka kanali koyamba kuti azimayi anzawo awayamikire chifukwa cha Lighton. Ankayenda mutu uli m'mwamba. Bodza lija linkawakomera, ndipo ndinawamvera chisoni ngakhale ndinali nditakwiya.

Tsiku lokamutenga Lighton, amai anakana kuti ndipite nawo. Ananyamula chipepala cha pulasitiki chimene sanafune kuti ndione. Munali ovolosi ya pa salaula, pogulitsa zovala zakale, ija ya mizere yowala imene amavala a ku migodi, ndi majombo olemera. Anamuveka ali panjira, asanakwere minibasi. Ndipo sanatsikire pafupi ndi nyumba ayi, anatsikira pasiteji yaikulu masana dzuwa lili paliwombo, kuti aliyense aone.

Nditamufunsa Lighton chifukwa chake anavomera kuvala, anati, "Ba sisi, analira. Nawaliritsa zaka zingati? Niwakane bwanji chovala?"

Ba Maybin ndi amene anamupatsa dzina. Anangomuona n'kufuula kuti Ba Solwezi afika, ndipo dzinalo linamatirira. Anzake akale ankamuima panjira kuti munthu wochokera ku migodi salowa m'tauni osanyowetsa anzake pakhosi. Iye ankati watopa. Anayamba kumunena kuti ndalama zamupatsa matama.

Kenako kunayamba kubwera azibambo. Muno mu Kafue nyumba iliyonse ili ndi mnyamata womaliza sukulu amene akungokhala, ndipo aliyense ankafuna kuti Lighton akamulankhulire mwana wake kwa mabwana a ku mgodi. Kwathu munthu supita kukapempha kanthu chimanjamanja. Nanga munthu amene tauni yonse ikudziwa chimene amakonda, ungamutengere chiyani? Ankabwera ndi mabotolo, ena okulunga m'nyuzipepala, ena okwera mtengo amene Lighton anali asanalawepo. Amai ankalandira ndi manja awiri n'kuika pamwamba pa kabati m'chipinda chochezera, pamene iye amakhala akamadya.

Ine ndikabwera ndinkawatenga n'kukakhuthula m'chimbudzi. Amai ankati mphatso sataya, ndi mwano. Ndinkawayankha kuti mwano ndi kuika nyama pamphuno pa galu womangirira. Tinakangana mpaka anasiya kundiyankha moni, ndipo mabotolo anayamba kuwabisa kuchipinda kwawo.

Choipa kwambiri chinali chakuti alendowo ankafunsa mafunso. Ba Lastone, amene anagwiradi ntchito ku mgodi ku Chingola ali mnyamata, ankakhala mpaka tiyi kuzizira, kufunsa za makina, za mashifiti, za chakudya cha kukantini. Ndinamumva mlongo wanga akufotokoza dzenje limene sanalionepo, thukuta likutsika m'khosi. Tsiku lotsatira ankayenera kukumbukira zimene ananena dzulo lake. Mlendo atachoka tsiku lina anakhala pakhonde n'kundiuza kuti, "Kuja anatiphunzitsa kuti bodza na botolo viyenda pamodzi. Manje ine niyamba kunama nikangouka."

Nanga kagulu ka Loweruka kaja? Holo imene amunawo amakumana ndi yomweyo imene amayi a chigwirizano amasesa Loweruka pokonzekera mapemphero. Amai anamuuza kuti, "Ukakalowa muja, wandivula pagulu." Anapita kamodzi, anafika pageti, anaona maduku oyera pabwalo, n'kubwerera. Ba Titus ankamuimbira foni. Poyamba ankayankha n'kumapereka zifukwa, kenako ankangoiyang'ana ikulira.

Koma ndinene zoona, pakuti anthu amaiwala. Nyengo yonse yozizira ija Lighton sanamwe. Ndi mabotolo m'nyumba, ndi anzake akumunyoza, wopanda womuthandiza, sanamwe ngakhale dontho. Anapeza ganyu pa malo a munthu wina owotcherera, ndipo madzulo ankatola zidutswa za zitsulo n'kupanga kabedi ka Lushomo. Ankati akangobwera awiriwo, adzachita lendi kwina, kutali ndi maso a anthu, ndipo zonsezi zidzatha.

Amalume anatumiza mawu ku Mazabuka, ndipo anthu anavomera kubwera Lamulungu lina tikaweruka kutchalitchi. Anabwera Febby, mwana, ndi amalume ake a Febby, Ba Choolwe, mlimi wa nzimbe wolankhula pang'onopang'ono. Lushomo ataona atate ake anabisala kumbuyo kwa amai ake, koma ankasuzumira.

Zimene sitinadziwe n'zakuti amai anali ataitana akulu a mpingo awiri ndi mnzawo wa chigwirizano, kuti nkhani ikhale yaulemu. Amalume athu anawapeza atakhala kale pamipando yabwino. Akulu a mpingo suwathamangitsa m'nyumba ya mlongo wako. Anangopukusa mutu, n'kunditembenukira ine.

"Iwe Mainess, pakamwa pako pamawononga milandu. Tenga mwana, khala kukhitchini."

Khitchini yathu ndi chipinda chochezera zimasiyana ndi katani chabe, choncho ndinamva zonse. Anapemphera. Anapatsana moni wautali, kufunsa za mvula ndi za ng'ombe. Kenako Ba Choolwe anatsokomola n'kulankhula kwa Lighton, kumutchula ndi dzina la mwana wake mwaulemu.

"Bashi Lushomo, ife tabwera na funso limodzi chabe. Miyezi yonse ija munasowa, munali kuti?"

Amai anayamba, "Anali ku..."

"Pepani apongozi," anatero Ba Choolwe. "Nafunsa mwine wake."

Ndinakankha katani pang'ono. Lighton anali atakhala pa kampando kafupi, manja ali pakati pa maondo. Anayang'ana Febby. Anayang'ana akulu a mpingo, amene ankamwetulira podikira kumva za mwana wawo wa ku migodi. Kenako anayang'ana amai. Amai anali atagwira m'mphepete mwa chitenje chawo, maso ali pa iye. Mumtima ndinkati nena, mwana wa amai, nena, zinazo tidzaona mawa.

"Ninali ku Solwezi," anatero. "Ku migodi."

Mkulu wa mpingo mmodzi anati ameni. Febby, amene anali asanalankhule, anafunsa motsitsa mawu.

"Nanga mowa munasiya bwanji?"

"Ninangosiya nekha."

Febby anagwada, anatsanzika apongozi ake ndi akulu onse mmodzimmodzi, n'kulowa kukhitchini kudzatenga mwana. Nkhuku imene ndinaphika sanaikhudze. Amalume a Bwezani ankangoyang'ana pansi, pakuti kutsutsa pamenepo kunali kunena mlongo wawo kuti ndi wabodza pamaso pa mpingo.

Ine ndilibe ulemu wotere. Ndinawatsatira pabwalo mthiko uli m'manja, ndikukuwa kuti ndi bodza, munthuyu anali kolandira thandizo, ndinamupereka ndine. Ba Choolwe anaima, anandiyang'ana mwachifundo.

"Mayi, tamva kale kwa mwine wake."

Anapita. Amai anadzitsekera kuchipinda chifukwa ndinawachititsa manyazi. Akulu a mpingo anadya nkhuku ija, n'kugwirizana kuti Mainess ali ndi nsanje ndi mlongo wake.

Sabata isanathe Lighton analowa kuchipinda kwa amai iwo ali kumsonkhano, n'kupeza zimene anabisa pansi pa bedi. Munthu wina anandithamangira pamsika kudzandiuza. Ndinasiya nsomba kwa mnzanga n'kupita kwa Ba Maybin. Dzuwa linali likadali pamutu. Ndinamupeza ataima pakati pa bala, atagwira tebulo, akulankhula mokweza.

"Mverani nonse. Ine ku Solwezi sininapiteko. Ninali kochiritsa zidakwa. Ninali kulima kabichi. Ovolosi ija ni ya pa salaula."

Bala yonse inafa nacho chiseko. Ba Maybin anamumenya paphewa n'kunena kuti Ba Solwezi akaledzera amakana ndi chuma chawo chomwe, kuopa kupemphedwa. Wina anamugulira botolo lina chifukwa chowaseketsa. Iye ankabwereza, misozi ikutsika, ndipo iwo ankasekabe. Ndinamukoka dzanja, anandikana.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Ganyu ija inatha. Kabedi ka mwana anakagulitsa kwa ogula zitsulo zakale. Anabwerera ku mankhwala a chifuwa, ndipo tsopano akuti akusutanso zina zimene ine sindizidziwa dzina. Ba Titus anabwera yekha pa minibasi kudzamufuna, iye anathawira kuseri kwa nyumba. Amai ali ndi nkhani yatsopano: akuti anzake a ku mgodi anamulodza chifukwa cha nsanje, ndipo amayi a chigwirizano akusala kudya chifukwa cha iye. Ndimadwala ndikamva zimenezi, koma ndatopa kukangana ndi munthu wokalamba.

Chimene chinkandisowetsa tulo chinali Febby. Ndinkati mtsikana uja anachoka akuganiza kuti mwamuna wake sanafune thandizo, anangothawira ku migodi osatumiza ngakhale nsapato ya mwana. Ndinkati akadziwa zoona mwina adzabwera, ndipo akabwera mwina Lighton adzavomera kubwerera kufamu kuja. Mwezi wathawu ndinatseka benchi yanga n'kukwera basi ya ku Mazabuka, nambala ya Ba Titus ili m'foni kuti amve yekha.

Ndinamupeza pakhonde akuluka mayi wina. Anandipatsa mpando ndi madzi, ndipo ndinadikira mpaka anamaliza. Ndinamufotokozera zonse, kuyambira m'ngalande mpaka ovolosi. Nditatulutsa foni anandigwira dzanja.

"Mulamu, musavutike. Ninali kudziwa."

Ndinamufunsa kuti anadziwa bwanji.

Anati akazi a amalume a Bwezani anamuuza zonse, Lighton atangopita kumene kufamu. Anamuimbira Ba Titus kangapo kufunsa mmene akupezera. Tsiku lina anakwera basi mpaka kufamu kuja, anaima kunja kwa waya, anamuona akuthirira mbewu, n'kubwerera osalowa kuti asamusokoneze. Ba Choolwe nawonso ankadziwa.

"Tsiku lija ninabwera na chola," anatero. "Zovala zanga na za mwana. Ninachisiya pa shopu ya pamsewu, kuti akangokamba, nitume munthu akachitenge."

Ndinamva kutentha m'mutu. Ndinamufunsa chifukwa chake sanamuthandize, poti ankaona yekha mmene amai anamupanikizira. Akanangoti tikudziwa, zonse zikanatha pomwepo.

"Zaka zonse zija nimamuthandiza," anayankha. "Ninanama kwa makasitomala ake. Ninanama kwa mwini nyumba. Ninanama kwa mwana kuti atate adwala malungo. Ninafuna kamodzi chabe akambe yekha na pakamwa pake, ine nilipo. Mulamu, ngati analephera m'nyumba ya amai ake, alibe na mowa m'mutu, tsiku lina akadzamwa adzaniuza? Nidzadziwira kuti? Mwana adzakhalanso pa kireti."

Sanalire, ndinalira ndine. Anandiuza kuti Lushomo anamulembetsa sukulu konko, ndipo anandipempha mwaulemu kuti ndikadzabweranso ndidzabwere kudzaona mwana, osati za nkhani iyi.

M'mawa mwake Lighton anabwera pabenchi yanga pamsika, monga amachitira akafuna kansomba koti akawotche. Anali asanamwe kwambiri, manja ankagwedera. Anali atamva kuti ndinapita ku Mazabuka, ndipo anaima pambali osafunsa. Ndinaganiza zomubisira. Koma m'banja mwathu obisa akwana kale, choncho ndinamuuza zonse, za waya, za Ba Choolwe, za chola pa shopu.

Anamvetsera osandidula. Ntchentche zinkatera pansomba, ine osaziingitsa.

"Chola chiti?" anafunsa. "Chija chachikulu chamizeremizere?"

"Sindinafunse."

"Chiyenera kukhala chija," anatero. "Ndiye chimakwana zovala za onse awiri."

Ndinamukulungira nsomba ziwiri m'pepala, koma sanazitenge. Anatuluka pageti ya msika n'kukhotera kumanzere, njira ya kwa Ba Maybin, ndipo ine sindinamuitane.